Njinga ya Makolo Awiri

Ogulitsa amati njinga ya hybrid ndi mwana wa makolo awiri: mikombero ikuluikulu anatengera njinga yampikisano, handulo yowongoka anatengera yokwerera mapiri. Ngati maulendo anu ndi apaphula, musakopeke ndi mashoko akutsogolo. Amangolemeretsa njinga n'kukudyerani mphamvu pachitunda. Akatswiri amalangiza matayala osalala, a mamilimita 32 mpaka 38, ndi fulemu yolingana ndi msinkhu wanu.

Kungoti akatswiriwo sanalionepo phula lathu nthawi yadzinja, pamene maenje amachuluka kuposa msewu weniweniwo. Choncho musanatulutse ndalama, kafunseni wakabaza. Kabuku ka kampani sanakawerengepo, koma masipoko opirira thumba la chimanga amawadziwa bwino.