Kodi Pasaka amasamukiranji?

Khirisimasi sasuntha. Ngakhale mwana wamng'ono akudziwa kuti ndi pa 25 Disembala, mvula igwe kapena isagwe. Nanga Pasaka bwanji? Mu 2024 tidadya pa 31 Malichi, mu 2025 pa 20 Epulo. Kodi Ambuye adauka kangati? Kapena ku Roma kuli munthu amene chaka chilichonse amakhala pansi n'kusankha tsiku lomwe lamukomera?

Nditawafunsa akatekisi athu, iwo adandibwezera funso. "Achimwene, a usipa amalowa liti m'nyanja?" Zimenezo ndiye ndimadziwa. Amalowa mwezi ukakhala ku mdima, chifukwa nyali imaitana usipa pokhapokha kumwamba kuli bii. Mwezi ukawala ngwee, mabwato ambiri amagona pagombe, eniake ali pamchenga kusoka chilimila. "Basitu," adatero, "Pasaka nayenso amayang'ana mwezi womwewo."

Akuti nkhani yake ndi iyi. Yesu adaphedwa pa nthawi ya Pasaka wa Ayuda, chaka chokumbukira kutuluka kwawo mu Ejipito, ndipo Ayuda amawerenga miyezi poyang'ana kumwamba. Akhristu oyamba adakangana kwambiri: ena ankatsata tsiku lenileni la Ayuda, ligwe Lachiwiri kapena Lachinayi, ena ankati ayi, Ambuye adauka Lamulungu. Mu 325 maepiskopi adasonkhana ku Nicaea, m'dziko lomwe lero ndi Turkey, n'kugwirizana kuti onse azichita chakachi tsiku limodzi. Lamulo lomwe lidakhazikika ndi lakuti Pasaka akhale Lamulungu loyamba mwezi ukakhwima kuyambira pa 21 Malichi. N'chifukwa chake safika pa 22 Malichi pasanakwane, ndipo sadutsa pa 25 Epulo. Iye akasuntha, anzake amasuntha naye: Lachitatu la Phulusa, Lamulungu la Kanjedza, Kukwera Kumwamba pa tsiku la 40, Pentekoste pa tsiku la 50.

Ndiye kuti Sabata Loyera limagwa mwezi uli wowala chaka chilichonse? Inde. Nanga asodzi aja timawaona atadzaza Njira ya Mtanda Lachisanu Loyera, amawakoka ndi mtanda kapena amawathamangitsa m'nyanja ndi mwezi? Apa akatekisi adangoseka.

Komatu anansi athu Achisilamu nawonso amayang'ana mwezi. Kuno ku Mangochi palibe amene sadziwa madzulo aja anthu amatuluka panja kusaka kamwezi katsopano kuti adziwe ngati mawa ndi Idi. Bwanji Idi yawo imazungulira chaka chonse, pena m'dzinja, pena m'chilimwe, pomwe Pasaka wathu amangovinavina pakati pa Malichi ndi Epulo? Akuti chaka chawo ndi miyezi 12 ya kumwamba yokhayokha, masiku pafupifupi 354, ndiye chaka chilichonse Idi imafulumira ndi masiku ngati 11. Pasaka ali ngati mbuzi ya pachingwe: amadya uku ndi uku, koma chikhomo chake chili pa 21 Malichi. Mu 2025 tidakumana panjira. Ramadani idayamba kumayambiriro kwa Malichi, ife n'kudzola phulusa pa 5 mwezi womwewo, mudzi wonse uli pa kusala, aliyense ndi kasalidwe kake.

Za Khirisimasi ndidafunsa pang'ono chabe. Kodi tsikulo lidalembedwa m'Baibulo? Ayi. Chomwe chimadziwika n'chakuti pofika mu 336 Akhristu a ku Roma ankalichita pa 25 Disembala, nyengo imene kwawoko kumazizira, usiku n'kutalika, kenaka dzuwa n'kuyamba kubwerera. Kuno timaimbira Mwana wa m'khola thukuta lili kamukamu, mpunga uli pamoto, wina akuganiza za kupalira.

Nanga oyera amene timawachitira chaka, bwanji timawakumbukira pa tsiku lomwe adafa osati lomwe adabadwa? Akuti kwa mpingo tsiku la imfa ndilo tsiku lolowa kumwamba. Augustino Woyera, nkhoswe ya tchalitchi chachikulu cha dayosizi yathu, adamwalira pa 28 Ogasiti mu 430 ku Hippo, komwe lero ndi ku Algeria. Ndiye kuti adali wa kuno ku Africa? Eya, iye ndi mayi ake Monika, amene chaka chawo ndi dzulo lake, pa 27. Bwanji nanga pazithunzi amaoneka ngati mzungu wa ku Italy?

Amaritiri a ku Uganda nawonso chimodzimodzi. Pa 3 Juni 1886 Charles Lwanga ndi anzake, kuphatikizapo kamnyamata Kizito, adatenthedwa ku Namugongo, ndipo Papa Paulo VI adawatchula oyera mu 1964, onse pamodzi 22. Amene adawaphunzitsa chikhulupiriro adali ansembe a chipani cha White Fathers. Patangopita zaka zitatu, kumapeto kwa Disembala 1889, ansembe a chipani chomwecho adafika kwa Mponda, pamphuno pathu pomwepa m'mbali mwa Shire, koma pofika 1891 adanyamuka. Mpingo udadzazika mizu pambuyo pake, ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama mu 1901, ndipo Mangochi idakhala dayosizi mu 1973, episkopi woyamba ali Alessandro Assolari. Zaka zina zonsezi, zochokera ku Roma ndi ku Uganda, timazichita ndi ng'oma ndi nthungululu. Nanga kufika kwa alendo aja kwa Mponda, bwanji ambirife sitidziwa ngakhale mwezi wake?

Koma chimene chimandizunguza mutu kwenikweni ndi Lenti. Masiku 40 osala, potsanzira Yesu m'chipululu, osawerengera Malamulungu. Phulusa lomwe amatipaka pachipumi ndi la makanjedza a chaka chatha, atawotchedwa. Zonsezi ndamva. Koma taonani nthawi yake: Febuluwale ndi Malichi, nkhokwe zili pululu, chimanga cha m'munda chisanakhwime, mtengo wa ndowa pamsika utakwera. Mayi amene ana ake adya phala lokha kuyambira dzulo, akamva kuguwa kuti Lachitatu lino tidye kamodzi kokha, asale chiyani chomwe njala sidamusalitse kale?

Kenaka pali nkhani ya nyama. Lachisanu la m'Lenti sitidya nyama, pokumbukira tsiku lomwe Ambuye adafa, koma nsomba n'zololedwa. Kumene lamuloli lidachokera nyama idali chakudya cha phwando, ndiye kuisiya kudali kudzimana ndithu. Nanga kuno? Ku Makawa, ku Malindi, ku Monkey Bay, usipa ndi utaka ndiye ndiwo za Lolemba mpaka Lamulungu. Nyama ambiri timailawa pa ukwati, pa Khirisimasi, kapena mnansi akatigawira ya Idi. Ndikadya usipa Lachisanu monga ndidadyera Lachinayi, ndasala? Ndipo bwana amene Lachisanu lomwelo wakhala pa hotela ya m'mbali mwa nyanja, chambo chonona chootcha chili pambale, chambo chimene masiku ano mwana wa msodzi amangochiona chikukwera galimoto kupita ku Blantyre, iyeyo ndiye wasunga lamulo kuposa mayi amene wakazingira ana ake timatumbo ta nkhuku topatsidwa?

Akatekisi adandiuza kuti buku la malamulo a mpingo la 1983 limapatsa maepiskopi a dziko lililonse mphamvu yosankha chakudya china choti anthu asale m'malo mwa nyama, kapena kuika ntchito zachifundo. Ndidati, ngati zili choncho, kuno ku nyanja bwanji osasala nsomba? Iwo adati limenelo ndikawafunse abambo mfumu.

Abambo mfumu, Lachisanu likubwerali tiphike chiyani?