Tamandani Banga la Patsaya

Mwa zonyozeka zonse za pansi pano, palibe cholemba anthu ntchito kuposa banga lakuda la patsaya. Mayi ake ndi chiphuphu chimene munafinya ndi zikhadabo, bambo ake ndi dzuwa. Sukulu silinapiteko, koma likudyetsa akatswiri a sayansi ku Seoul ndi ku Paris, eni mafamase, mpaka amayi oyala malonda mumsika. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, koma uyu ndi mlendo wobwera ndi mphasa yake.

Taonani asilikali amene dziko lalitumizira, aliyense m'kabotolo ka mamililita 30. Vitamin C amafika ndi matama, koma akangolawa mpweya ndi kuwala amasanduka wofiirira, mphamvu n'kuthera m'botolo momwemo, banga lili phee! Niacinamide ndi waulemu, sayabwa kwenikweni, amangotchinga njira imene melanin, utoto wodetsa khungu, amadzera pokwera pamwamba pa khungu, koma amapempha miyezi iwiri kapena itatu. Retinol ndi waukali: amasupula khungu, ndipo kwa amayi oyembekezera ndi woletsedwa. Kojic acid anachita kuchokera ku Japan, m'nkhungu yofulira mowa wa mpunga. Onsewa akamenya nkhondo popanda mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30, banga limangoseka, bambo ake n'kulibwezera pampando.

Ukulu wake weniweni umaoneka kwa opupuluma. Wodzola hydroquinone kwa zaka, banga limamuitanira abale ake onse, masaya n'kuda bii, matenda amene madokotala amati ochronosis. N'chifukwa chake dziko la South Africa linaletsa mankhwalawa m'zodzoladzola mu 1990. Wothamangira clobetasol khungu limapyapyala, timitsempha n'kuonekera. Wodzola za mercury amayera nkhope, impso zikulira. Ndani wina amalanga mwachilungamo chotere, osalandira chiphuphu cha m'thumba?

Tsankho lilibe. Limakhala pa tsaya la nduna, la mkwatibwi, ndi la wogulitsa timabotolo tija. Ndipo kudekha, kumene anankungwi akhala akukulalikira mpaka kusasa mawu, lokha limakuphunzitsa pagalasi m'mawa uliwonse.

Choncho lipatseni ulemu wake. Ziphuphu musafinye, valani chipewa, werengani zolembedwa pabotolo musanatulutse ndalama. Likakana kupinda mphasa, kalinenezeni kwa dokotala wa khungu, osati kwa wosakaniza mafuta m'chigubu chopanda dzina.