Ulemu kwa nkhoswe ya pa seva

Tiyeni timuwombere m'manja dependency injection, amene anachotsa ma class athu mu ukapolo wodzitungira okha madzi. Kale class ikafuna database inkalemba yokha kamawu kakuti new, n'kudzipangira. Manyazi ake! Lero imangokhala pa mpando wandalema, n'kutchula mu constructor kuti ndikufuna chakuti ndi chakuti. Basi, zibwera. Wabweretsa ndani, wazitenga kuti, bwana safunsa zimenezo.

Dzinali linatchuka ndi Martin Fowler mu Januwale 2004, ndipo m'Malichi chaka chomwecho Spring 1.0 inatuluka. Spring ndiyo inatipatsa nkhoswe ya ntchitoyi, container, amene yekha amadziwa kuti service ya malipiro ikwatirana ndi repository iti. Ana ake onse amawatchula kuti bean, ndiye kuti nyemba. Poyamba maukwatiwa ankalembedwa mu XML, fayilo yoti kuiwerenga mpaka nsima kuzizira. Mu 2007 kunabwera @Autowired, ndipo kulemba kunachepa. Tinatsala ndi chikhulupiriro.

Ubwino wa nkhosweyi ndinauona usiku wina seva itakana kudzuka. Compiler anali atandigwira chanza kuti zonse zili bwino. Kungoyatsa, NoSuchBeanDefinitionException: nyemba ija mumphika mulibe. Stack trace inatsika ngati mndandanda wa odwala kuchipatala cha boma, mizere yonse ya Spring, wanga osaoneka. Tambala ali pafupi kulira m'pamene ndinapeza kuti ndinaiwala @Service pamwamba pa class imodzi. Tizilembo 8. Ndi mphunzitsi uti wina angakuphunzitse kudzichepetsa motchipa chonchi?

Pa mayeso ndiye ndi katswiri. Amachotsa database yeniyeni, n'kuimika chidole chovomera chilichonse, mayeso onse n'kubiriwira. Database yeniyeniyo mukakumana nayo Lachisanu madzulo, makasitomala akuonerera.

Koma chimene ndimam'kondera kwambiri ndi mwambo. Service A ikamadikira B, B nayo n'kumadikira A, zimakhala ngati mkamwini wakumana ndi apongozi pa kanjira ka kudimba: uyu wapatukira kutchire, awo apatukira kutchire, njira ili mbee, palibe wadutsa. Anzathu amati circular dependency. Spring Boot 2.6 inaletsa ulemu woterewu mu 2021, koma mwachifundo inasiya kachitseko kakumbuyo, spring.main.allow-circular-references=true. Ku ofesi kwathu tinakatsegula tsiku lomwelo, tikulonjezana kuti tikonza sabata yamawa.