Kakalambidwe koyenera kwa anthu a ku Mchinji

Musanamere imvi, yambani mwafunsa kuti ukalamba wanu uli m'lamulo liti, chifukwa kuno munthu sakalamba mwachisawawa. Ngati ndinu mphunzitsi ku Kamwendo, boma linakonza kale kuti mudzatopa pa zaka 60. Ngati ndinu jaji, Nyumba ya Malamulo inaona mu 2022 kuti mawondo anu ngolimba, n'kukusunthirani kutopako kuchoka pa 65 kufika pa 70. Choncho aphunzitsi, ngati choko chikukukomeranibe, munalakwitsa sukulu.

Inu a kukampani, lamulo la penshoni la 2023 likukulolani kutapa theka la ndalama zanu nthawi imodzi mukapuma, pomwe kale munkatapa 40 peresenti. Theka linalo lisiyeni lizidontha mwezi ndi mwezi. Kwacha, imene inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, idzakuthandizani kudya. Musachitenso mwano wofunsa abwana ngati 5 peresenti ankakudulani ija inkafikadi kuthumba la penshoni pamodzi ndi 10 yawo. Wofunsa zotere amapuma msanga, zaka zisanakwane n'komwe.

Ena akuti tingodumpha pa Mwami, poti ku Zambia munthu amatha kupuma pa 55, 60 kapena 65. Dumphani ndithu, koma NAPSA, bungwe la penshoni la kumeneko, siwerengera chisuweni chanu ndi anthu a ku Chipata.

Tsopano inu ambirinu, olima mtedza ndi soya ku Mkanda, nkhani ya zakayi isakusowetseni tulo. Khasu silinalemberepo munthu kalata yopuma. Penshoni yanu ndi Mtukula Pakhomo, mwana wobadwira konkuno mu 2006, kungoti amalowa m'nyumba khumi zokha mwa 100, zosaukitsitsa komanso zopanda munthu wamphamvu zogwirira ntchito. Ndiye muzikonzekera bwino. Pa zaka 60 musayambe kutsimphina, kwa a Mtukula Pakhomo mukadali mnyamata mpaka 65. Mukamva kuti olemba mayina afika kwa amfumu, mdzukulu wandevu uja mtumizeni ku Kapiri akaone azakhali ake, malata muwafunditse udzu, mbuzi zikagone kwa achimwene. Tambala ngovuta, sadziwa kusunga chinsinsi, ameneyo mungodya.

Akakudumphanibe, agogo, vinani. Ndiye kuti boma lafufuza mokwanira n'kupeza kuti ndinu mpondamatiki, ndipo mphamvu zopalira maekala awiri mukadali nazo.