Kusalaza nkhope ndi laser: zofunika kudziwa munthu asanagulitse njinga

Kusalaza khungu ndi laser ndi njira ya kuchipatala yochepetsera makwinya ndi zipsera za ziphuphu potentha nkhope mwadala, mwini wake atavomera ndiponso atalipira. Chimasiyanitsa ntchitoyi ndi ngozi ya moto ndi muyeso wa dokotala, komanso lisiti.

Laser yoyamba kugwira ntchito anaipanga Theodore Maiman ku California mu 1960. Mu 1964 Kumar Patel wa ku Bell Labs anapanga ina yoyendera mpweya wa carbon dioxide, yomwe madokotala amangoti CO2, ndipo m'zaka za m'ma 1990 inatchuka pa ntchito yosalaza nkhope. Nzeru yake yagona pa madzi. Khungu la munthu lili ndi madzi ambiri, ndipo kuwala kwa CO2, kwa mananomita 10,600, kukagwa pakhungu madziwo amawira m'kanthawi kochepa, khungu la pamwamba nkusanduka nthunzi. Kutentha kotsala kumalowa pansi. Thupi poona kuti lavulazidwa limayamba kupanga collagen watsopano, ulusi womwe umakunga khungu, ndipo ndi iyeyo amene amadzaza maenje a zipsera pang'onopang'ono. Choncho wochiza weniweni ndi thupi lomwe, ngakhale ndalama amalandira ndi wina.

Palinso laser ya erbium, ya mananomita 2,940, yomwe silowa kwambiri ndipo bala lake limapola msanga. Makina ena satentha khungu la pamwamba nkomwe, amangofunditsa la pansi, koma amafuna kubwerezabwereza.

Kusintha kwakukulu kunadza mu 2004, pomwe Dieter Manstein ndi Rox Anderson a ku Boston anafalitsa njira ya fractional. M'malo mosenda nkhope yonse, makina amaboola timayenje tosaoneka ndi maso, zikwizikwi, motalikirana ngati mapando a chimanga, nkusiya khungu labwino pakati. Khungu lotsalalo ndilo limafulumiza kupola.

Zipsera za ziphuphu zilipo mitundu itatu ikuluikulu. Zina ndi zopapatiza koma zakuya, zina ndi zotambalala za m'mbali mwakuthwa, zina ndi zokwera ndi kutsika mosaoneka malire. Mabuku a zachipatala amafunika zithunzi zitatu kuti aonetse zonsezi, pomwe nkhope ya mlembi wa danga lino ili nazo zonse patsaya limodzi, lakumanzere. Lakumanja ndi la ophunzira za ukatswiri. Zipserazi zinakumbidwa ndi zikhadabo ziwiri, pa kachidutswa ka galasi, m'masiku a ku sekondale, mothandizidwa ndi mankhwala otsukira mano omwe anyamata onse a m'chipindamo ankalumbira kuti amaumitsa chiphuphu usiku umodzi. Kufinya chiphuphu kumakankhira mafinya mkati, kutupa kumakula, collagen amaonongeka, ndipo pamatsala dzenje. Laser imathandiza pa zipsera zotambalala ndi zokwera ndi kutsika zija. Zakuya zopapatiza zimaikanika, ndipo nthawi zambiri dokotala amazidula kapena kudonthezamo asidi wa kuchipatala.

Pa makwinya, laser imachita bwino pa timizere tating'ono ta m'mbali mwa maso ndi pakamwa, tobwera ndi dzuwa ndi zaka. Khungu lolendewera siikweza. Mizere ya pachipumi yobwera ndi kukwinya nkhope imabwerera, chifukwa mnofu woikwinyayo udakalipo pansi pake. Ya mlembi, yomwe imazama kwambiri mwezi wotsegulira sukulu ndi nyengo yogula feteleza, ili m'gulu limeneli.

Nkhani yofunika kwambiri kwa Amalawi ndi mtundu wa khungu. Mu 1975 Thomas Fitzpatrick wa ku Harvard anayamba kugawa makungu potengera momwe amachitira ndi dzuwa, ndipo lero magulu ake alipo asanu ndi limodzi. Anthu ambiri a kuno ali m'gulu lachisanu ndi lachisanu ndi chimodzi. Khungu lakuda lili ndi maselo opanga melanin omwe sachedwa kupsa mtima: akamva kutentha amatulutsa melanin wochuluka, nkhope nkuchita mawanga akuda okhalitsa miyezi. Nthawi zina maselowo amafa, nkusiya mawanga oyera omwe mwina sangachoke. Anthu akhungu lakuda amapezekanso kwambiri ndi zipsera zotupa, za keloid, zomwe zimakula kupitirira bala. Nchifukwa chake dokotala wodziwa ntchito amatsitsa mphamvu ya makina, amayamba wayesa pamalo pang'ono pobisika, kapena amasankha njira ina, monga yobaya khungu ndi timasingano. Woti wangoona nkhope nkuyamba kuyatsa makina ndi woyenera kumutsazika mwaulemu, chikwama chili kukhwapa.

Dokotala asanayambe ntchitoyi, ziphuphu zomwe zidakali zamoyo ziyenera kuchizidwa kaye. Amene amatuluka zilonda za pamilomo amapatsidwa mankhwala oletsa kachilombo kake, poti kutentha kumakadzutsa. Pa tsikulo nkhope imapakidwa mafuta ochititsa dzanzi, maso amaphimbidwa, ndipo m'chipinda mumamveka fungo la tsitsi lopserera, lomwe wodwala amazindikira mochedwa kuti ndi lake.

Kupola kumatenga sabata imodzi kapena ziwiri ngati khungu la pamwamba lachotsedwa. Nkhope imatupa, imachucha madzi, kenako imachita nkhanambo. Malamulo a nthawi imeneyi ndi awiri, ndipo onse amamugwetsa mlembi. Loyamba ndi losatong'ola nkhanambo, pomwe zala zake zili ndi mbiri yomwe yafotokozedwa kale. Lachiwiri ndi lopewa dzuwa kwa miyezi ndi kudzola mafuta otchinga dzuwa tsiku ndi tsiku. Lamuloli analemba anthu oyenda pa galimoto. Munthu wodikira minibasi pa siteji mu Okutobala, kapena wokwera kabaza masana, angaliwerenge ngati nthano.

Zotsatira zimaoneka patapita miyezi, collagen akamakhwima, ndipo madokotala oona mtima amalonjeza kuti zipsera zichepa, osati zitha. Makampani a inshuwalansi ya zaumoyo kawirikawiri salipira ntchito yokongoletsa. Zipatala zochita zimenezi ndi zambiri ku Johannesburg ndi ku Cape Town, kotero wochokera ku Lilongwe awerengerenso ya basi, malo ogona, ndi maulendo obwereza ngati wasankha fractional. Mlembi atawerengera zonsezi pamaso pa mayi a kunyumba, iwo anagamula kuti nkhopeyo anaiona bwinobwino masana asanavomere ukwati, ndipo ngati pali choti chikonzedwe pakhomopo ndi denga la kukhitchini, lomwe likudontha.