Alosi a nkhonya salakwa

Palibe mlosi wolimba mtima kuposa wokonda nkhonya amene sanalawepo chibakera. Akatswiri akamakalimbirana lamba, mkuluyu amakhala atadziwa kale wopambana, raundi yake, ngakhale dzanja limene lidzatseke nkhani.

Pa 1 Juni 2019 ku Madison Square Garden, mumzinda wa New York, alosiwa anali atamuika kale m'manda Andy Ruiz. Munthuyo anangobwera kudzatseka dzenje la Jarrell Miller, yemwe anamupeza ndi mankhwala oletsedwa m'thupi. Tsono pokwera sikelo anavula malaya, mimba ili lende, mnzake Anthony Joshua minofu ili gwa. Mlandu unathera pomwepo, ati wamimba safika patali.

Mu raundi 3 Ruiz anagwadi, alosi n'kuyamba kuwombana m'manja. Koma anadzuka, n'kumugwetsa Joshua kawiri mu raundi yomweyo, kawirinso mu raundi 7, mpaka woyimbira anaimitsa nkhonyazo. Malamba a WBA, IBF ndi WBO anakazungulira mimba yomwe ankaisekayo.

Kutacha, amene analosera za Joshua anasowa ngati ndalama pakati pa mwezi. Aliyense akuti anaziona kale, chibwano cha Joshua n'chofewa kuyambira kalekale, bola mukanamufunsa iyeyo.

Pobwereza mu Disembala ku Saudi Arabia, ena mwa iwo anali atasamukira kwa Ruiz. Iye anabwera atanenepanso, atadyerera malamba aja m'mapwando, ndipo Joshua anangomuzungulira maraundi 12 n'kupambana pa mapointi. Alosi sanatekeseke. Ati iwo mimbayo anaikayikira kuyambira tsiku loyamba.