Chichewa cha pa Nsanja: Mayina, Malonje ndi Malonjezo

Mawu ambiri ogwiritsidwa ntchito pa misonkhano amachokera ku aneni awiri, kulankhula ndi kunena. Ku tsinde la -lankhula kumachokera mayina monga wolankhula, yemwe ndi munthu amene wagwira chimkuzamawu ndipo sakufuna kuchisiya. Zolankhula, zomwe ndi pepala limene wina wamulembera usiku. Ndi kalankhulidwe, luso lowerenga pepalalo ngati walemba yekha. Ku tsinde la -nena kumachokera zonena, manenanena ndi mneneri. Dzina lomalizali limatumikira anthu awiri, wa kutchalitchi ndi wa ku ofesi, ndipo onse awiri ntchito yawo ndi kufotokoza zinthu zomwe sizinachitike.

Mwambo uliwonse umakhala ndi wotsogolera, amene m'tauni amamutcha emusi. Iyeyu amayamba wagogoda chimkuzamawu ndi chala, n'kuwerenga kuti "wani, thu, wani, thu," kenaka n'kulengeza kuti: "Ine sindine wolankhula, yanga ndi kungoitana olankhula." Pofika madzulo amakhala atalankhula kuposa onse amene anawaitana. Udindo wake wina ndi kupepesa kuti mlendo wolemekezeka "ali m'njira," mawu amene amatanthauza malo alionse kuyambira kubafa kwawo mpaka pa geti.

Gawo loyamba la zolankhula ndi malonje. Mndandanda wake umatsika motere: mlendo wolemekezeka, aphungu a Nyumba ya Malamulo, bwanamkubwa, Gogo Chalo, makhansala, magulupu, nyakwawa, akuluakulu a mipingo, atolankhani, ndipo kumapeto kwenikweni amayi ndi abambo, omwe ndi eni msonkhanowo. Kudumpha dzina ndi mlandu. Wodumphidwayo sadandaula poyera, amangopinda manja nthawi yowomba m'manja ikafika. Mwambowu uli ndi mbiri. Dr Hastings Kamuzu Banda atakhala mtsogoleri wamuyaya mu 1971, mayina ake aulemu ankatchulidwa onse mosasiyako, Ngwazi ili pomwepo. Iye ankalankhula Chingerezi, omasulira monga John Msonthi ndi John Tembo n'kumabwereza m'Chichewa, choncho anthu anazolowera kumva nkhani imodzi kawiri. Masiku ano kunabwera njira yachidule yoti "all protocols observed," koma wolankhula wodziwa ntchito amaitchula atamaliza kale mayina onse, kuti pasakhale wonena kuti wachita ulesi.

Gawo lachiwiri ndi mawu a nthawi, omwe amamveka bwino akawatembenuza. "Sinditalikitsa" ndi chenjezo loti amene ali padzuwa asake mthunzi. "Anga ndi mawu awiri okha" amatanthauza mitu iwiri, uliwonse ndi ana ake. "Anzanga anena kale zonse" ndi chilolezo chobwereza zonsezo motsatira ndondomeko yake. "Mwachidule" amatsogolera mbiri ya wolankhulayo kuyambira ali ku pulayimale. "Pomaliza" ali ndi abale atatu obadwa motsatizana: "pomaliza penipeni," "ndisanakhale pansi," ndi "ndingalakwe nditapanda kunena ichi." Apa emusi amanyang'ama ndi kapepala kolembedwa kuti nthawi yatha. Wolankhula amakalandira ndi manja awiri mwaulemu, n'kukatsindira ndi botolo la madzi osakawerenga.

Gawo lachitatu ndi malonjezo, ndipo mtima wake ndi dzina loti chitukuko, lochokera ku mneni kutukuka. Dzinali limayenda ndi aneni osatopetsa thupi: kulimbikitsa, kuunikira, kuganizira ndi kuyesetsa. Anthu akapempha mjigo, yankho limakhala lakuti "nkhaniyi ndaimva, ndikaitula kwa akuluakulu." Akuluakuluwo akabwera okha, nawonso amalonjeza kukaitula kwa akuluakulu. "Posachedwapa" ndi nyengo imene sipezeka pa kalendala, pamene "zili m'mapulani" amatanthauza kuti mwala wa maziko unaikidwa kale ndipo mbuzi zimagonapo masana. Paja amati mawu a akulu akoma akagonera; a pa nsanja amagonera mpaka chisankho china.

Omvera nawo ali ndi mawu awo, ngakhale ndi ochepa: "eee," "zoona," m'manja ndi nthungululu. Izi zimagwa paliponse pamene wolankhula wapumira, ngakhale atapumira kuti apeze tsamba lomwe lasokonekera. M'manja mwamphamvu kwambiri mumamveka pa mawu oti "zikomo pondimvetsera," ndipo wolankhula amakhala pansi akukhulupirira kuti akuwombera nzeru zake.

Gawo lotsiriza ndi mawu othokoza. Wothokoza amabwereza malonje onse, n'kuwonjezera obwereketsa mipando, okhoma tenti, ovina ndi amayi amene mpunga wawo wazizira kuseri kwa tentiyo. Kenaka pamabwera pemphero lotsekera, limene limafotokozera Mulungu mfundo zikuluzikulu za msonkhanowo ngati kuti sanalipo. Likatha "ameni," emusi amatenganso chimkuzamawu kuti apereke zolengeza, ndipo chachikulu mwa izo ndi dongosolo la kadyedwe. Dongosololi limatsata mndandanda wa malonje: mlendo wolemekezeka ndi anzake amalowera kumene kuli nkhuku, mafumu ndi abusa amatsatira, ndipo amayi ndi abambo amapemphedwa kuti ayambe akhala kaye pomwe alipo.